Tsiku Limene aNachisale Anawerenga Ataimirira

Lamulungu lapitali tinasonkhana kwa Enelesi ku Hyattsville, kuno ku Amerika, kukumbukira mayi ake, aNachisale, poti chakwana chaka chimwalirireni. Abusa anapemphera, tinaimba nyimbo ziwiri, ndipo aliyense anayesetsa kuika nkhope yachisoni monga zimafunikira. Koma zinakanika. Wina atangotchula za kabuku kaja, tonse tinafa nalo phwete, mpaka abusa anavula magalasi n'kumapukuta misozi ndi taye. Pobwerera kwathu ndinati ayi, nkhani iyi ndiilembe. Ana athu akukula akungomva kuti agogo aja anali olongolola, koma sakudziwa kuti kulankhula kwa tsiku limodzi lokha kunawalanda ulendo wokatsanzikana ndi amuna awo.

Amene simunawaone, ganizirani mayi wamfupi, wa duku lomangidwa molimba, jasi lalikulu lachimuna ndi nsapato zoyera za anamwino, akuyenda ngati basi ikuwasiya ngakhale pamene kunalibe basi. Polankhula ankakuloza ndi chala chamkombaphala, ndipo ukadandaula ankati chala chimenecho chili ndi ufulu wonse woloza, chifukwa chinaviikidwa mu inki ku Balaka mu 1994 posankha mtsogoleri. Inkiyo inatha kalekale, koma iwo ankachionetsabe kwa aliyense, ngakhale kwa madilaivala a basi amene sankadziwa n'komwe kuti Malawi ali kuti.

Kuno anabwera mu 1987 kudzathandiza Enelesi atabereka mwana wake woyamba. Ankati akhala miyezi isanu ndi umodzi basi, koma mukudziwa mmene Amerika amamezera anthu. Amuna awo, aChimbalanga, anatsala ku Balaka. Bambo amenewa anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ndipo ndege ankaikana kwamtuwagalu, ati chinthu chopanda njanji sichidziwa kumene chikupita. Ndiye aNachisale ndi amene ankapita kumudzi pakatha zaka ziwiri zilizonse, sutikesi itadzaza masokosi ndi mankhwala opaka a nyamakazi.

Ine ndinadziwana nawo chifukwa cha ulendo wa kuntchito. Tonse tinkasamalira okalamba ku Annandale, nyumba zoyandikana, ndipo kuchoka ku Hyattsville kukafika kumeneko kunali kukwera basi, kenako sitima, kenako basi ina. Amene ankamusamalira iwo anali mzungu wokalamba kwambiri amene tinkangomutchula kuti a Profesa. Anaphunzitsa mbiri ya dziko lino zaka zambiri, koma matenda a shuga anawatseka maso. Ntchito inali kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwapatsa mankhwala. Tsiku lina a Profesa anafunsa ngati mayiwa amadziwa kuwerenga Chingelezi. Ha, analakwitsa. Anauzidwa kuti akulankhula ndi munthu wa Sitandade 6 yakale ya ku mishoni, osati masitandade a masiku ano, ndipo asankhe okha buku lililonse pashelefupo aone.

A Profesa anasankha kabuku kakang'ono, kachikuto kothethuka. Munali zolemba za anthu akuno a zaka mazana awiri zapitazo, nthawi imene ankakangana ngati n'koyenera kuchoka m'manja mwa mfumu ya ku Mangalande. Madzulo a tsiku limenelo ndinawapeza pamalo okwerera basi akuyendayenda ngati munthu wofuna kutaya madzi.

“Iwe Nangozo, bwera kuno,” anatero asanandipatse ndi moni yemwe. “Kodi umadziwa kuti Amerika yu anali Nyasalande?”

“Mukuti bwanji amayi?”

“Ndikuti analinso ndi bwanamkubwa wotumizidwa kuchokera kutsidya kwa nyanja. Analinso ndi msonkho wosafunsidwa. Mfumu yake yomweija ya ku Mangalande, agogo ake a agogo ake a Mfumukazi. Azungu okhaokha kutsamundana. Ine ndimayesa kuti zimenezi anangotisungira ife.”

Kuyambira tsiku limenelo sukulu inatsegulidwa m'sitima, wophunzira ndine ndekha, ndipo ndikawodzera ankandigunda ndi chigongono m'nthiti. Zimene awerenga masana kwa a Profesa, madzulo ankazitembenuzira m'Chichewa, koma osati mawu ndi mawu ayi. Ankaziphika kaye. Anthu aja analemba kuti ufumu wobadwa nawo ndi wopanda nzeru, iwo ankati tangoganiza woyendetsa sitima wamwalira, ndiye anthu atenga mwana wake woyamba, kaya ndi chidakwa kaya ndi wakhanda, n'kumukhazika pa injini chifukwa choti ndi mwana wa malemu. Iwe ungakwere? Anthu aja analemba kuti mfumu ili kutali, dandaulo limatha miyezi lili panyanja, iwo ankati munthu amene sanapondepo m'munda mwako asamakuuze tsiku lodzala. Anthu aja analemba kuti makolo sangalumbire m'malo mwa ana osabadwa kuti adzagwadira banja lakutilakuti mpaka kalekale, iwo ankati ngakhale ankhoswe amafunsa kaye mtsikana mwini wake.

Mfundo imene inkawasangalatsa kwambiri inali yoti ukalondola mzere wa mafumu mpaka kuchiyambi, sukapezako mngelo, ukapezako mkulu wa achifwamba amene anangoposa anzake mphamvu. Imeneyo ankainena akuwomba m'manja, anthu m'sitima n'kumatembenuka. Ndipo atapeza kuti olembawo anagwiritsanso ntchito nkhani ya m'malemba oyera, ya Aisiraeli amene anaumirira kuti akufuna mfumu mneneri akuwachenjeza kuti idzawatengera ana awo ndi minda yawo, anakafunsa abusa Lamulungu lotsatira chifukwa chimene sanalalikirepo ndime imeneyo. Abusa anati adzaiganizira, ndipo anaiganizira zaka zitatu.

Koma panali mfundo imodzi imene atainena koyamba sanaseke. Tinali titangokwera basi yomaliza. Anati anthu aja ankauzidwa kuti mfumu ndi tate wawo, ndipo mwana sachoka pakhomo pa tate wake. Iwo anayankha kuti tate weniweni amakondwa mwana akakula n'kumanga nyumba yakeyake, ndipo amene amakutchula kuti mwana mpaka imvi zitamera si tate ayi, pali chimene akukudyera. Atanena zimenezo anayang'ana pawindo. Sanafunike kufotokoza. Tonsefe tinachokera kudziko kumene kunali Pulezidenti Wamuyaya, tate wa fuko lonse, ndipo amayi onse tinali mbumba yake, kutanthauza amayi amene iye ankawayang'anira, ovala nsalu ya nkhope yake ndi kumuvinira kulikonse kumene wapita. Mayi amenewa anavina zaka makumi awiri, ndipo amene anawaona amati ankavina bwino zedi.

Musaganize kuti anthu akale a ku Amerika aja ankangowagomera. Tsiku lina anafika pandime yonena kuti anthu onse analengedwa ofanana, n'kufunsa a Profesa ngati olemba mawu okoma chonchiwa analibe akapolo kuseri kwa nyumba. A Profesa anavomera kuti ambiri anali nawo. Nanga akazi ankaponya nawo voti? Ayi. Basi kabuku kanatsekedwa. Masiku awiri a Profesa anadya phala lawo mopanda nkhani, mpaka anachita kupepesa ngati kuti akapolowo anali awo. Tsiku lachitatu aNachisale anakatsegulanso. Anandiuza kuti aganiza bwino: eni akewo anali anthu ochimwa ngati ife tomwe, anasoka malaya aakulu kuposa msinkhu wawo, ndiye palibe choletsa kuti ena awavale.

Komanso musaganize kuti anali munthu wopanda ulemu. Aaa, mayi amenewa ankagwada. Popereka madzi kwa apongozi awo aamuna, amene anali aMataka amuna ake a Enelesi, ankagwada pakapeti, mpaka aMatakawo ankasowa pothawira. Mwana akawayankha m'Chingelezi ankamuyang'ana mpaka akumbukire yekha mawu oti “wawa”. Singano ndi ulusi wawo ankasunga m'chitini cha mabisiketi chokhala ndi nkhope ya Mfumukazi, ndipo ukawaseka ankati mayiyo zipewa amazidziwa kuvala, vuto ndi ntchito yakeyo basi. Ndinawafunsapo kuti zikugwirizana bwanji, munthu wodana ndi mafumu n'kumagwada chonchi. Anati bondo ndi lawo, akalipinda okha ndi ulemu, koma wina akawapindira ndi chinthu china.

Amene ankavutika nawo kwambiri anali aMataka. Iwo ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu m'tauni, munthu wofatsa, wa taye ngakhale Loweruka. Masiku amenewo ngakhale kuno kutali tinkaopana. Pamaphwando panali anthu olemba maina, ndipo dzina lako likafika kumudzi, abale ako ndi amene ankayankha mafunso. “Amayi, chonde, nkhani za mafumu anuzi zizithera m'khitchini muno,” ankatero aMataka. ANachisale ankayankha mwaulemu wonse kuti akungonena za mfumu ya azungu imene inafa kalekale, nanga pali vuto? Kenako ankanditsinzinira diso.

Tsono za chikuto. A Profesa ataona kuti kabuku kaja kapeza mwini wake weniweni, anawapatsa kuti kakhale kawo. Koma kanali kakuyoyoka, ndipo munthu wa ku mishoni sangayende ndi buku losakutira. Nsalu yolimba imene anali nayo m'sutikesi inali ya chipani ija, ya nkhope ya Wamuyaya, poti masiku amenewo mayi wanzeru sankadutsa pabwalo la ndege kumudzi alibe nsalu imeneyo. Nsaluyi inali ndi malamulo ake amene tonse tinkawadziwa: nkhope siidulidwa ndi sizasi, siikhaliridwa, siiyang'ana pansi. Ndiye iwo anayeza bwinobwino, nadula mozungulira, nasoka mwaluso kuti nkhope yonse ikhale patsogolo pa kabukuko, yosapindika ngakhale khutu. Nditaona ndinagwira pakamwa. Anati ndisawaganizire zoipa, nsaluyo ndi yolimba basi. Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona.

Chakumapeto kwa 1992 zinthu kumudzi zinali zitayamba kugwedezeka. Mabishopu anali atalemba kalata yawo ija yodzudzula boma, ndipo mawu oti matipate, kutanthauza zipani zambiri, anali pakamwa pa aliyense, monong'ona. Nthawi yomweyo kunabwera foni yoti aChimbalanga agwa, afa ziwalo mbali imodzi. Mayi aja anafuna kunyamuka mawa lake lomwe, koma atatsegula pasipoti anapeza kuti inatha mphamvu miyezi itatu yapitayo. Kukonzetsa ina mwa njira yake kunkatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi ndi imene analibe.

Ndiye kunamveka kuti kwabwera mkulu wina wachipani kuchokera kumudzi, wafikira kwa m'bale wake ku Germantown, ndipo Loweruka masana kuli chakudya. Anthu ankati bwana ameneyu ukamupatsa pasipoti m'manja, sabata siitha, yatuluka yatsopano. Dzina lake sinditchula. Anali munthu wamkulu thupi, wa mawu okoma, wokonda kuseka nthabwala zake zomwe. Tinapita pagalimoto ya aMataka, ndipo njira yonse Enelesi ankangoti, “Amayi, lero pakamwa mutseke. Mupereke pasipoti, muthokoze, tizibwerera.” Iwo anati asawaphunzitse ulemu anthu amene anawasintha matewera.

Ndipo kunena zoona, anachita bwino kwambiri. Sinki inali pomwepo, mapazi atatu kuchoka pampando wa bwanayo, koma iwo anatenga beseni ndi jagi, nagwada, namusambitsa m'manja ngati tili kumudzi. Bwana anakondwa, ati kuno anthu sanaiwale mwambo. Anthu atatha kudya, aNachisale anapitanso, nagwada pambali pa mpando, nafotokoza za matenda a amuna awo ndi mawu apansipansi. Bwana anagwedeza mutu mwachifundo, nati imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Anatsegula chikwama kuti atulutse pasipoti, ndipo pakuitulutsa, kabuku kaja, kamene sikankachoka m'chikwamamo, kanatuluka nawo n'kugwera pakapeti, nkhope ili m'mwamba.

Bwana analandira pasipoti, naiika m'thumba la m'kati la jekete, kenako maso ake anagwera pa nkhope ija. Anawala ngati mwana waona shuga.

“Tamverani nonse,” anatero akukweza dzanja. “Onani mbumba yeniyeni. Mayi awa ali kuno kutali, koma akuyenda ndi mawu a mtsogoleri wathu m'chikwama, atawakutira bwinobwino. Achinyamata inu amene mwasokonezeka ndi za matipate, phunzirani apa. Amayi, tatiwerengereniko pang'ono.”

Iye ankayesa kuti ndi kabuku ka zolankhula za Wamuyaya. Nanga n'chiyani china chimene munthu angakutire ndi nsalu imeneyo? Ndipo njira yothawira inalipo, yotakasuka. Zolankhula za Wamuyaya tonse tinkazidziwa pamtima chifukwa wailesi inkatimwetsa m'mawa ndi madzulo. Akanangotsegula tsamba lililonse n'kunena za umodzi ndi kumvera, palibe akanadziwa. Ine ndinali nditagwada kumbuyo kwawo ndi mbale m'manja, ndipo ndinanong'ona kuti, “Amayi, za umodzi zija.” Enelesi anali atatseka maso. Mayi aja anatola kabuku, nayang'ana thumba la jekete mmene munali pasipoti yawo. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

“Bwana, mundikhululukire,” anatero. “Ku mishoni anatiphunzitsa kuti munthu powerenga amaimirira.”

Anagwira mkono wa mpando wa bwanayo, mawondo akulira, naimirira. Anavala magalasi. Anayamba ndi mawu awo a kutchalitchi aja, chiganizo chimodzi m'Chingelezi, kenako n'kuchiphika m'Chichewa. Anayamba ndi za mfumu ya kutsidya kwa nyanja, yolamula dziko limene sinalionepo, yotumiza abwanamkubwa ndi asilikali. Abale anga, bwana anawomba m'manja. “Eya, atsamunda amenewo,” anatero. “Mwamva mmene ankawauzira mkuluyu? Pitirizani amayi.” Anthu ena amene sankadziwa kanthu anawombanso, ndipo aMataka anayamba kumasula taye.

Anapitiriza. Anawerenga kuti palibe munthu amabadwa ndi chilolezo chokwera pamsana pa anzake. Bwana anagwedezabe mutu. Anawerenga kuti wolamulira ayenera kubwerera kwa anthu kawirikawiri kukafunsa ngati akumufunabe, chifukwa amene wakhala pampando mpaka imfa amaiwala mtengo wa mchere, ndipo omuzungulira amamuuza zokhazo zimene akufuna kumva. Mutu wa bwana unayamba kugwedezeka pang'onopang'ono. Anawerenga kuti choipa chikakhalitsa anthu amayamba kuchitcha mwambo. Kenako anafika pa ija ya tate, ya mwana amene amatchulidwabe mwana imvi zili mbuu. Mutu wa bwana unaima. Pakhomo la khitchini panali mayi wina wa ku Lusaka, amene kwawo anali atasintha kale boma chaka chapitacho, ndipo anangoti m'chilankhulo chakwawo, “Iyee, bamayo aba,” n'kuthawira m'kati atatseka pakamwa ndi nsalu yopukutira mbale.

“Analemba ndani zimenezi?” anafunsa bwana, mawu okoma aja atatha.

“Anthu akuno, bwana, zaka mazana awiri zapitazo. Ankanena za mfumu yawo.”

“Nanga inu mukunena za ndani?”

Apanso khomo linali lotsegula. Akanatha kunena zimene ankawauza aMataka masiku onse, kuti ndi za mfumu ya azungu yakufa kale. Koma iwo anavula magalasi, nawapinda bwinobwino.

“Ine ndavina zaka makumi awiri, bwana, padzuwa ndi pamvula, mwana ali kumsana. Ndinkavina bwino. Koma palibe tsiku limene munthu anandifunsapo ngati ndikufuna kuvina.”

Ndikuuzeni zoona, pamodzi ndi mantha onsewo, ine ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire. Ndinkafuna kululuta. Ndinayang'ana amayi anzanga m'mbali mwa khoma, onse maso ali pansi koma mapewa akunjenjemera, ndipo mnyamata wina wa kuyunivesite anali akulira poyera. Bwana anayang'ana wotchi, nati ali ndi msonkhano wina. Anatuluka bwinobwino, atatsanzika eni nyumba, jekete atalimanga mabatani onse.

Pasipoti ija sinabwerenso. Tinafunsa kwa m'bale wake, ati bwana anapita nayo. Tinalembera kumudzi, ati sakuidziwa. Kupempha yatsopano popanda yakale kunali kuyamba nkhani ina yaitali, ndipo dzina lawo linali litafika kale kumene linkafika. AChimbalanga anamwalira mu Febuluwale 1993. Maliro tinakhalira pakapeti ku Hyattsville, mipando titaitulutsa, mtembo uli kutsidya lina la dziko. Sindinaonepo munthu akulira ngati mmene analirira mayi amenewa. Ankangoti, “Ndagulitsa amuna anga ndi pakamwa panga.”

Sukulu ya m'sitima inatsekedwa. Miyezi iwiri tinkayenda ulendo wonse uja osalankhulana, iwo maso ali pawindo. Kabuku anakaponya pansi pa sutikesi. A Profesa akapempha kuti awawerengere, ankawawerengera nyuzipepala, za nyengo ndi za mpira. AMataka, Mulungu awadalitse, sananenepo kuti ndinakuuzani, koma mayi aja ankati kukhala chete kwawoko kunkawalasa kuposa mawu. Nthiti zanga zinapuma, ndipo ndinadana nako kupumako.

Mu Epulo kunafika wophunzira wina kuchokera kumudzi ndi kaphukusi ka aNachisale. Munali kaseti. Masiku amenewo okalamba osatha kulemba ankatumiza mawu pa kaseti, ndipo iyi aChimbalanga anaijambula mu Januwale, koma inasowa woinyamula. Anandiitana Loweruka m'mawa kuti ndikakhale nawo, ati okha sangathe. Tinakhala m'khitchini, iwo, Enelesi ndi ine. Mawu anatuluka olemera, lilime likukoka chifukwa cha matenda aja. Anapereka moni kwa aliyense potchula maina, ananena za mvula ndi za denga lodontha. Kenako anati kunabwera anyamata awiri a chipani kudzawafunsa za akazi awo, ndipo iwo anangotsegula pakamwa n'kumatulutsa dovu ngati matenda anawalanda mawu, mpaka anyamatawo anachita manyazi n'kuchoka. Apa bambo aja anayamba kuseka, kuseka kwa munthu wodwala, kosakanikirana ndi chifuwa.

“Nachisale,” anatero atapuma, “akuti unaimirira. Balaka yense akunong'ona. Ine zaka zonse zija ndinkakuperekeza kokwera lole yopita kovina, ndinkangoyang'ana pansi. Iwe waimirira. Usadandaule za ine, ndikudya bwino. Koma chimene unawerengacho n'chiyani? Kuno aliyense akunena zake. Ukadzabwera udzandiwerengere ndimve ndi makutu anga.”

Mayi aja anabweza kaseti, namveranso. Anabwezanso kachitatu. Kenako anapita kuchipinda, tinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi. Lolemba m'sitima chigongono chinabwerera m'nthiti zanga, ndipo ndinatsala pang'ono kuwakumbatira.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Kumudzi anthu anavotera matipate, zitseko zinatseguka, ndipo pasipoti yatsopano inatuluka. Kumayambiriro kwa 1994 ananyamuka ndi Enelesi, nakhala kumeneko mpaka chala chija chitaviikidwa mu inki. Za kumanda anatiuza ndi Enelesi. Akuti abale atafika pamanda a aChimbalanga, amayi onse anakhala pansi monga mwa mwambo, koma aNachisale anaimirira kumutu kwa manda, navala magalasi, natsegula kabuku. Anawerenga zonse zimene anawerenga ku Germantown, ndi zina zimene bwana uja sanadikire kuti amve, za woyendetsa sitima ndi mwana wake zomwe, dzuwa likuswa mtengo. Achibale ena ankayesa kuti ndi mapemphero a ku Amerika, ndipo atamaliza anayankha kuti ameni. Kenako anasomola ulusi wa chikuto chija, nachotsa nsalu, napukutira fumbi pamtanda wa amuna awo. Anabwerera kuno kabuku kali kosavala.

Anakhala nafe zaka zina zinayi, akukangana ndi aliyense. Atsogoleri atsopano a kumudzi sanawasiye, ankati mpando uli ndi matenda ake, aliyense wokhalapo azipimidwa kawirikawiri. Atamva kuti anthu okhala m'kati mwa mzinda wa Washington alibe wowavotera kunyumba ya malamulo, anakauza a Profesa kuti ntchito ya makolo awo aja sinathe. A Profesa anamwalira mu 1996, dzanja lili m'manja mwawo. ANachisale anatsatira mu 1998, atadwala masabata atatu okha, ndipo tinawatumiza ku Balaka kukagona pambali pa amuna awo.

Lamulungu lija, anthu akuseka pabalaza, ine ndinalowa m'khitchini kukatenga madzi. Pashelefu ya pamwamba pa filiji pali chitini cha Mfumukazi, singano zikadali momwemo. Pambali pake pali kaseti ija ndi kabuku kopanda chikuto, masamba atamangidwa ndi mphira. Pafupi ndi windo, pamene ankakonda kuwerengera chifukwa cha kuwala, pali mpando wofewa umene Enelesi anawagulira mawondo atayamba kuvuta, kuti aziwerenga atakhala. Mpandowo ukadali watsopano. Pansi patsogolo pake ndi pamene panaperepeseka, timalo tiwiri toyandikana, kukula kwake ngati mapazi a munthu wamfupi.